Lamulo la ku likulu lifike pa kompyuta ya ku nyanja

[KANYIMBO KOTSEGULIRA, KENAKA KATSIKE]

Lero ndikulankhula makamaka ndi inu amene mumagwira ntchito ndi kompyuta imene mudapatsidwa ndi boma, banki, bungwe, sukulu kapena hotela. Ngati cholembera chili pafupi, chitengeni, chifukwa pali zilembo zingapo zoti mulembe.

Kompyuta ya kuntchito sikhala yanu nokha. Ili ndi woiyang'anira, amene nthawi zambiri amakhala kutali, ku likulu la bungwe, ndipo iyeyo ndiye amaika malamulo a zimene kompyutayo ingachite ndi zimene singachite. Tsono lamulo likasintha ku likulu, limafika bwanji pa kompyuta imene ili pa tebulo ku Salima? Nanga likachedwa, inu mungachitepo chiyani ndi manja anu?

Kompyuta yoyang'aniridwa mumaidziwa kale ndi makhalidwe ake. Mukafuna kuikamo pulogalamu yatsopano, imafunsa dzina ndi pasiwedi ya woyang'anira. Mukalowetsa fulashi, imangokhala chete osaitsegula. Mukachoka pampando kwa mphindi zochepa, mumapeza yadzitseka yokha. Pakapita nthawi imakukakamizani kusintha pasiwedi, ndipo mukalemba dzina la mwana wanu imakana. Mukatsegula Settings, pamwamba pamatuluka mawu achingerezi onena kuti zinthu zina zikuyendetsedwa ndi bungwe lanu. Zonsezi si matenda a kompyuta ayi. Ndi malamulo amene munthu adakhala pansi n'kuwalemba mwadala.

Pa makompyuta a Windows, dongosolo limeneli limatchedwa Group Policy. Kampani ya Microsoft idalibweretsa m'chaka cha 2000, pamodzi ndi Windows 2000 komanso kaundula wa anthu ndi makompyuta wotchedwa Active Directory. Cholinga chake n'choti katswiri mmodzi athe kusamalira makompyuta mazanamazana popanda kuyendera tebulo lililonse. Malamulowo amawalemba kamodzi, n'kuwasunga pa seva ya bungwe, imene akatswiri amaitcha domain controller.

Mvetsetsani apa, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse. Seva sithamangira kwa inu ndi lamulo. Kompyuta yanu ndiyo imapita kukafunsa. Imafunsa mukangoiyatsa, n'kutenga malamulo okhudza makinawo. Imafunsanso mukalowa ndi dzina lanu, n'kutenga malamulo okhudza inuyo. Kuchokera apo, imafunsa yokha mwakachetechete mphindi 90 zilizonse, n'kuwonjezerapo mphindi zina zosaposa 30 zimene imasankha mwachisawawa. Mphindi zowonjezerazo adaziika kuti makompyuta onse a bungwe asakhamukire ku seva nthawi imodzi. Choncho a IT, oyang'anira makompyuta a bungwe, akasintha lamulo 10 koloko m'mawa, mukhoza kudikira mpaka 12 koloko masana lisanafike kwa inu. Ndipo zimenezo n'zoti njira yopita ku seva ndi yotseguka. Ikakhala yotseka, kompyuta imangopitiriza ndi malamulo akale, kaya sabata, kaya mwezi.

Anthu a ku Salima simusowa kuuzidwa za phindu la lamulo losungidwa bwino. Pa chilumba cha Mbenji, m'dera la mfumu yaikulu Makanjira, usodzi umatsekedwa nyengo ya mvula chaka ndi chaka kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo mowa ndi chamba siziloledwa kumeneko. N'chifukwa chake utaka wa ku Mbenji udakali ndi mbiri mpaka lero. Koma taganizirani msodzi amene wapita ulendo ku Nkhotakota, ndipo ali komweko akuluakulu asintha tsiku lotsegulira chilumba. Lamulo lasintha ndithu, koma iye akuyendabe ndi lakale m'mutu. Akhoza kudikira kuti uthenga umupeze, kapena akhoza kupita yekha kwa a komiti kukafunsa kuti zinthu zili pati tsopano. Njira yachiwiriyi ndi imene tikuphunzira lero.

[KANYIMBO KAKAFUPI]

Nkhaniyi ikutikhudza kwambiri ife a kuno pa zifukwa ziwiri. Choyamba, maofesi ambiri a ku Salima ndi nthambi chabe. Likulu lili ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa M14, kapenanso ku Blantyre, ndipo wa IT sangadzuke n'kubwera chifukwa cha kompyuta imodzi. Chachiwiri, mahotela a ku Senga Bay ndi kumene maunduna ndi mabungwe amakonda kuchitira misonkhano ndi maphunziro. Malaputopu a kuntchito amatsikira kuno ambirimbiri, amatha masiku ali pa intaneti ya hotela, kutali ndi seva yawo.

Tiyerekeze mayi wina wowerengera ndalama m'bungwe lina. Ali pa msonkhano ku Senga Bay, kunja mwera ukuwomba, anzake apita kukamwa tiyi, iye watsala m'holo ndi laputopu. Tsamba limene amatumizirapo malipoti lakana kutseguka kuyambira m'mawa. Waimba foni ku likulu.

"Halo achimwene, ndine uja wa ku akaunti, ndili kuno ku nyanja. Tsamba la malipoti likundikanira, chonsecho abwana akufuna lipoti 4 koloko isanakwane."

"Pepani mayi. Tsambalo tasintha adiresi yake, ndipo lamulo lolola adiresi yatsopano taika kale m'mawa uno. Laputopu yanu ndiyo sinalandire. Mwalumikiza VPN?"

"Ayi, ndili pa intaneti ya hotela basi."

"Yambani mwalumikiza VPN, mayi. Ikalumikiza mundiuze, tiyendere limodzi."

Zimene achimwene a IT awauze mayiwa ndi zimene ndikuuzeni inu tsopano. Cholembera chija chikhale m'manja.

Pa kiyibodi, chakumunsi kumanzere, pali batani lokhala ndi chizindikiro cha Windows. Likanikizeni, musalisiye, kenaka dinani chilembo R. Patuluka kabokosi kakang'ono pakona ya sikirini. M'menemo lembani zilembo zitatu, c, m, d, n'kudina Enter. Patseguka zenera lakuda lokhala ndi mawu oyera ochepa, ndi kamzere kophethira kodikira kuti mulembe. Anthu ambiri akaona zenera limeneli mtima umagunda, amaganiza kuti alowa malo oletsedwa. Musaope. Zenera lakuda limachita zokhazo zimene mwalemba.

Pamenepo lembani mawu akuti gpupdate. Ndiwatchula chilembo chimodzichimodzi. G wa Golomoti. P wa Pemba. U wa usipa. P wa Pemba kachiwiri. D wa Dedza. A wa atate. T wa tebulo. E wa Ekwendeni. Zilembo 8, zonse zolumikizana, popanda mpata pakati. Mukatha dinani Enter.

Kompyuta ilemba kuti "Updating policy", kenaka ikhala chete. Nthawi zina masekondi ochepa, nthawi zina mphindi zingapo. Musatseke zenera, musadinedine mabatani. Ikhoza kudikira yankho mpaka mphindi 10. Zikayenda bwino, mutuluka mizere iwiri. Woyamba ukunena za Computer Policy, malamulo a makina. Wachiwiri ukunena za User Policy, malamulo a munthu. Mizere yonse iwiri imathera ndi mawu akuti "completed successfully". Mukawaona mawu amenewo kawiri, dziwani kuti kompyuta yanu yafika ku seva, yafunsa, ndipo yalandira.

Pali mtundu wachiwiri wa mawu omwewa umene a IT amakonda kutchula pa foni. Mukalemba gpupdate, siyani mpata umodzi, ikani kamzere kopendekera kutsogolo, kaja kamakhala pa batani limodzi ndi chizindikiro cha funso, kenaka lembani f, o, r, c, e. Zonse pamodzi zikhala gpupdate /force. Kusiyana kwake n'kotani? Mukalemba gpupdate payokha, kompyuta imangogwira malamulo amene asintha. Mukawonjezera /force, imagwiranso malamulo onse kuyambira pachiyambi, osintha ndi osasintha omwe. Zimenezi zimathandiza ngati china chake chasokonekera pa kompyuta yanu, koma zimatenga nthawi yochulukirapo, zimadya bandulo, komanso zimalemetsa seva anthu ambiri akachita nthawi imodzi. Langizo langa ndi lakuti muziyamba ndi gpupdate payokha. Ikapanda kuthandiza, kapena a IT akanena, ndi pamene muwonjezere /force. Mawu amenewa adayamba kugwira ntchito pa Windows XP, ndipo akugwirabe pa Windows 10 ndi Windows 11. Nthawi zambiri safuna pasiwedi ya woyang'anira. Ngati bungwe lanu lidatseka zenera lakudalo, musalimbane nalo, auzeni a IT.

Chenjezo limodzi. Malamulo ena sangagwire ntchito inu muli m'kati. Kuika pulogalamu yatsopano, kapena kusamutsira mafayilo anu ku seva, kumachitika pokhapokha kompyuta ikamayaka kapena inu mukamalowa. Zikatero, zenera lakuda likufunsani ngati mukuvomera kuti kompyuta iyambirenso kapena kuti ikutulutseni, ndipo pamapeto pa funsolo pakhala zilembo Y ndi N. Y ndi inde, N ndi ayi. Musanadine Y, sungani kaye zonse zimene mumalemba. Lipoti la tsiku lonse likhoza kupita ndi chilembo chimodzi. Ngati simunakonzeke, dinani N, malizani ntchito, kenaka muthimitse kompyuta n'kuiyatsanso nokha.

[KANYIMBO KAKAFUPI]

Mukumvera nkhani ya zamakompyuta, ndipo tikukamba za mmene mungaitanire malamulo a ku likulu pa kompyuta yanu ya kuntchito. Tsopano tione zikakanika. M'malo mwa mizere iwiri ija, pamatuluka chindime chachitali chachingerezi. Musachite kuchiwerengera wa IT pa foni mawu amodziamodzi. Jambulani zenera lakudalo ndi foni, zenera lokhalo, mumutumizire. Koma kuno ku nyanja zifukwa zake zimakhala zodziwika, ndipo zina mukhoza kuziona nokha.

Choyamba ndi njira. Intaneti ndi netiweki ya kuntchito ndi zinthu ziwiri zosiyana. Facebook ikhoza kumatseguka bwinobwino, mauthenga a WhatsApp n'kumalowa, koma seva ya bungwe lanu siyipezeka kwa aliyense wa pa intaneti. Mumaifikira muli mu ofesi pa chingwe cha netiweki, kapena kudzera pa VPN, pulogalamu imene imatsegula njira yachinsinsi pakati pa laputopu yanu ndi likulu. Chimene chimasokoneza anthu n'choti laputopu imawalola kulowa ndi pasiwedi yawo ngakhale ali kutali, ndiye amaganiza kuti ali pa netiweki ya kuntchito. Imawalola chifukwa Windows imakumbukira anthu amene adalowapo kale. Kulowa kumeneko si umboni woti seva yakuonani.

Chachiwiri ndi wotchi. Ichi anthu sachiganizira, koma chimavuta kwambiri kumene magetsi amathimathima. Seva ndi kompyuta yanu zimatsimikizirana kudzera m'dongosolo lotchedwa Kerberos, ndipo dongosololi sililola kuti mawotchi awo asiyane kupitirira mphindi 5. M'kati mwa kompyuta ya pa tebulo muli kabatire kaphwatalala kotchedwa CR2032, kamene kamayendetsa wotchi magetsi akathima. Kakatha mphamvu, magetsi akangothima wotchi imabwerera zaka za m'mbuyo, ndipo seva imakana kulankhula nayo. Ife tili ndi malo opangira magetsi a dzuwa okwana mamegawati 60 konkuno ku Salima kuyambira m'chaka cha 2021, koma magetsiwo amalowa m'mawaya a dziko lonse, ndipo dziko likavutika nafenso timavutika. Mukukumbukira kuthima kwa magetsi kumene kudatsatira namondwe wa Ana mu Januwale 2022, atawononga malo opangira magetsi a Kapichira. Choncho musanaimbe foni, yang'anani tsiku ndi nthawi pakona ya sikirini. Yang'ananinso dera la nthawi. Pa Windows, la kwathu kuno ndi lija lolembedwa Harare, Pretoria. Laputopu imene idabwera kuchokera ku London kapena ku Washington ikhoza kukhala ikadali pa dera la kwawo.

Chachitatu ndi netiweki yofooka. Windows imayesa liwiro la njira yopita ku seva, ndipo ikapeza kuti ndi lochepera makilobiti 500 pa sekondi, imaiwerengera kuti ndi njira yapang'onopang'ono. Zikatero imatenga malamulo ofunika kwambiri okha, monga a chitetezo, n'kusiya olemera monga oika mapulogalamu. Ndiye mukhoza kuona mawu aja oti zonse zatheka, koma pulogalamu imene mumayembekeza osabwera. M'holo yodzaza anthu amene onse ali pa intaneti imodzi ya hotela, zimenezi zimachitika. Yesaninso m'mawa kwambiri kapena usiku anthu atachepa, kapena mudikire mukafike ku ofesi.

Chachinayi ndi manja a anthu ena. Kompyuta imapeza seva yake pofunsa kaundula wa mayina wotchedwa DNS. Mnyamata wokonza makompyuta pa tawuni, pofuna kukuthandizani kuti intaneti ithamange, akapeza mpata akhoza kusintha manambala a DNS n'kuikapo a Google, aja a 8.8.8.8. Cholinga chake n'chabwino, ndipo intaneti iyendadi. Koma kaundula wa Google saidziwa seva ya bungwe lanu, ndiye kuyambira tsiku limenelo malamulo amasiya kufika. Kompyuta ya kuntchito ikavuta, mwini wake ndi bungwe, ndipo oikonza ndi a bungwe.

Palinso chinthu china chimene gpupdate singathe. A IT akakuikani m'gulu latsopano, mwachitsanzo mwakwezedwa pa ntchito ndipo tsopano mukuloledwa kuona mafayilo a malipiro, kompyuta siidziwa za gulu latsopanolo mpaka mutatuluka n'kulowanso muli pa netiweki ya kuntchito. Mukhoza kulemba /force kakhumi, sizisintha. Tulukani, lowaninso.

Akuluakulu adati linda madzi apite ndiye uziti ndadala. Mukatha zonsezi, tsimikizani. M'zenera lakuda lomwelo lembani gpresult, g, p, r, e, s, u, l, t, mpata, kamzere kopendekera, ndi chilembo r. Kompyuta ikuonetsani tsiku ndi nthawi imene idalandira malamulo komaliza, dzina la seva imene idawapereka, ndi mndandanda wa malamulo amene akugwira ntchito pa dzina lanu. Tsikulo likakhala la lero, zayenda. Likakhala la miyezi itatu yapitayo, kompyuta yanu yakhala ikuyenda yokha nthawi yonseyi, ndipo a IT ayenera kudziwa lero lomwe.

Mabungwe ena, makamaka amene ali ndi maofesi m'mayiko ambiri, adasiya kudalira seva ya mu ofesi. Amayang'anira makompyuta kudzera pa intaneti ndi pulogalamu ya Microsoft yotchedwa Intune. Kumeneko kompyuta imafunsa yokha pafupifupi maola 8 aliwonse, ndipo gpupdate siikhudza malamulo amenewo. Njira yake ndi iyi: tsegulani Settings, pitani pa Accounts, kenaka pa Access work or school, dinani dzina la bungwe lanu, dinani Info, ndipo m'munsi mupeza batani lolembedwa Sync. Ubwino wake ndi woti intaneti wamba imakwanira, VPN siifunika. Ngati vuto lili pa Chrome yokha, lembani chrome://policy pamalo olembapo adiresi, ndipo mupeza batani la Reload policies. Funsani a IT kuti bungwe lanu limagwiritsa njira iti.

Tisasokonezenso zinthu. Lamulo la gpupdate silichotsa vairasi, silithamangitsa intaneti, komanso si Windows Update. Ndipo kwa inu amene mudagula laputopu yakaunjika imene ikulemba kuti ikuyang'aniridwa ndi bungwe lina, mawu amenewa sangaimasule. Bwererani kwa amene adakugulitsani, mufunse bwinobwino kumene idachokera.

[KANYIMBO KAKAFUPI]

Ena mwa inu mukufunsa kuti, kodi ndidzivutitsirenji kuitana malamulo amene amangondimanga manja? Funso limeneli ndi lomveka, ndipo ndiliyankha mochokera pansi pa mtima.

Pa kompyuta ya kuntchito pali zinthu zimene si zanu. Pali mayina a odwala ndi matenda awo. Pali malipiro a aphunzitsi. Pali ndalama zimene mayi wogulitsa usipa wasunga ku banki. Pali mndandanda wa mabanja oyenera kulandira thandizo madzi akasefukira. Anthu amenewa sadzaiona kompyuta yanu, koma moyo wawo uli m'menemo. Lamulo lotseka sikirini mukachoka pampando likuteteza iwowo. Lamulo lokana fulashi yachilendo likuteteza iwowo. Ndipo lamulo limene lili pa seva ku Lilongwe koma silinafike pa kompyuta ya ku Chipoka silikuteteza munthu aliyense.

Dziko lathu lidaona kale zimene zimachitika makompyuta akakhala osatetezeka. M'chaka cha 2013, pa nkhani ya Cashgate, anthu ankalowa m'dongosolo la boma loyendetsera ndalama la IFMIS, n'kulemba malipiro a ntchito zimene sizidagwiridwe, kenaka n'kufufuta umboni. Mu Febuluwale 2024, ntchito yosindikiza mapasipoti itaima, mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, adauza nyumba ya malamulo kuti akuba a pa makompyuta adalowerera dongosolo la nthambi yoona za anthu olowa ndi otuluka m'dziko, ndipo ankafuna dipo. Amene adavutika anali anthu wamba: wodwala wofuna kukalandira chithandizo kunja, wophunzira, wamalonda.

Kunja nako kuli phunziro. Pa 12 Meyi 2017, vairasi yotchedwa WannaCry idagwira makompyuta m'mayiko oposa 150. Ku England zipatala zidalephera kuona odwala zikwizikwi amene adali ndi masiku awo. Chomvetsa chisoni n'choti Microsoft idali itatulutsa kale chotseka mpata umene vairasiyo idalowera, mu Malichi chaka chomwecho. Mankhwala adalipo miyezi iwiri vuto lisanagwe, koma sadafike pa makompyuta ambiri. Mawu awiri a pa zenera lakuda sangaletse zoopsa zonsezi paokha. Koma tsiku limene a IT amva kuti kwabuka vairasi ndipo atseka mpata mwachangu, kompyuta imene yalandira lamulolo ndi imene yapulumuka.

Malamulo a dziko nawonso akunenapo. Lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security limati kulowa m'kompyuta popanda chilolezo ndi mlandu. Lamulo la 2024 la Data Protection limapereka udindo kwa aliyense wosunga mbiri ya anthu kuti aisamale, ndipo bungwe la MACRA ndilo likuyang'anira zimenezi. Choncho inu amene mumafunafuna njira zolambalala malamulo a kompyuta, kubwerekana mapasiwedi, kapena kuikana dala netiweki ya kuntchito kuti malamulo asakupezeni, chonde lekani. Ngati lamulo lina likukulepheretsani ntchito, nenani. Safunsa adadya phula.

Tsopano ndilankhule ndi inu a IT ndi mabwana a ku malikulu, chifukwa mbali yaikulu ya udindowu ndi yanu. Mukamalemba lamulo muli pa netiweki yothamanga ya mu mzinda, kumbukirani kalaliki amene ali pa nthambi ya kumphepete kwa nyanja, amene intaneti yake ndi ya pa foni ndipo jenereta imayaka maola owerengeka. Liyeseni lamulolo pa netiweki yofooka musanalitumize kwa onse. Mukatseka fulashi, perekani njira ina yovomerezeka yotumizira mafayilo, chifukwa munthu amene ali ndi lipoti loti apereke adzapeza njira yake, ndipo njirayo idzakhala yoopsa kuposa fulashi. Mukasintha chinthu, auzeni anthu, ndipo muwauze chifukwa chake m'chilankhulo chimene amamva. Munthu amene wauzidwa chifukwa amalisunga lamulo ndi mtima wonse.

Kuyambira pa Windows Server 2012 muli ndi njira yolamulira makompyuta kuti afunse malamulo inu muli pa mpando wanu, ndipo amatero pasanathe mphindi 10. Koma njirayo imafika pa makompyuta okhawo amene ali oyaka ndiponso ali pa netiweki. Laputopu imene ili m'holo ya ku Senga Bay simungaifikire pokhapokha mwini wake atatsegula njira. N'chifukwa chake kuphunzitsa anthu anu zimenezi ndi ntchito yofunika ngati kulemba malamulowo. Munthu asanyamuke ulendo VPN yake isanayesedwe. Ndipo inu mabwana osainira ndalama, kabatire ka wotchi, chosungira magetsi cha pa tebulo, ndi mafuta oti wa IT ayendere nthambi, si zinthu zoti muzidula poyamba pa bajeti.

Nthawi yathu yatha, tiyeni tibwereze kuti zikhazikike. Yambani ndi kulumikiza netiweki ya kuntchito kapena VPN. Onani tsiku ndi nthawi. Sungani zimene mumalemba. Dinani batani la Windows ndi R, lembani cmd, kenaka gpupdate. Ikapanda kuthandiza, gpupdate /force. Dikirani mizere iwiri. Tsimikizani ndi gpresult /r. Zikakanika, jambulani zenera lakudalo mutumize kwa a IT.

Ndikukupatsani ntchito ya mawa m'mawa. Mukafika ku ofesi, vuto lisanabwere, yesani zimenezi kamodzi kuti manja azolowere. Funsani a IT nambala yawo ya foni muisunge, ndipo muwafunse ngati laputopu yanu ili ndi VPN yogwira ntchito. Mnzanu wa pa tebulo loyandikana nanu amene sanamvere pulogalamu ino, mumuonetse.

Asodzi amene mukulowa m'madzi usiku uno, muyende bwino, musamale ndi mwera. Tidzakumanenso sabata ya mawa nthawi ngati yomwe ino. Tsalani bwino.

[KANYIMBO KOTSEKERA]